Dzino Langa ndi Mlomo wa Prokop

Prokop Vrba ankaimba lipenga lachiwiri m'gulu la oimba la bwana Lindenau, kwathu kuno ku Bohemiya, ku Ulaya, ndipo ine Hynek Skala ndinkaimba loyamba. Ndayambira pamenepa chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndinkaonetsetsa kuti aliyense, ngakhale wotsuka mbale, akudziwa kuti woyamba ndani.

Tinabadwira mudzi umodzi. Bambo ake ndi bambo anga onse ankasamala agalu osakira a bwana, ndipo titakula pang'ono bwanayo anatitumiza limodzi ku mzinda waukulu wa Prague kukaphunzira lipenga. Mphunzitsi wa kumeneko sanatifunse chilichonse. Anangotitsina milomo ngati akugula nsomba. Ine anati yanga ndi yopyapyala, ndiye ndiziimba mawu apamwamba. Atagwira ya Prokop anaseka, nati milomo ngati imeneyo Mulungu anailengera mawu apansi ndi soseji. Basi, moyo wathu unagawidwa tsiku lomwelo. Oimba malipenga amalembedwa ntchito ngati nsapato, awiriawiri. Imodzi ikang'ambika, mwini wake sayenda kufunafuna inzake, amataya zonse n'kugula zatsopano zozolowerana kale.

Prokop anali chimunthu chachikulu, choyenda mosafulumira, ndipo mabatani a jekete lake lantchito ankakhala akulimbana ndi mimba tsiku lililonse. Anakwatira msanga mtsikana wa kuchigayo dzina lake Apolena, n'kubereka naye ana asanu ndi mmodzi m'kanyumba ka bwana kamene kanali kuseri kwa dziwe la nsomba. Ine sindinakwatire. Ndinkati akazi amasokoneza luso, koma zoona zake n'zakuti palibe amene anandipirira kupitirira mwezi. Lamulungu lililonse ndinkakadya kwa Prokop, ndipo ndinkadandaula za mchere.

Chimene chinkandipsetsa mtima mwa iye n'chakuti nyimbo sankazipatsa ulemu. Mkulu wathu wa oimba, bambo Ostertag, ankatha masabata akulemba simfoni yatsopano, nyimbo yaitali ija ya magawo anayi, tsitsi likuthothoka, koma Prokop ankaifotokozera mkazi wake akutafuna.

"Palibe chachilendo, amayi. Gawo loyamba ndi mwamuna wodzuka m'mawa. Wanena zake, mkazi wayankha zake. Kenako wapita kokayenda, wasochera, wakangana ndi anthu m'njira, madzulo wabwerera pakhomo pomwepo n'kunenanso zomwe ananena m'mawa zija ngati palibe chachitika."

"Ameneyo ndikumudziwa," ankatero Apolena.

"Lachiwiri ndi lapang'onopang'ono, lolira mavayolini. Limenelo ndi langa logona. Lachitatu ndi menueti, gule wa mabwana uja amaponda ngati pansi pali mazira. Koma pakati pake pali tiriyo, pamene mavayolini amatseka pakamwa kuti ife anthu timveke. Ikatha tiriyo abwereranso ku mazira awo. Lomaliza ndi rondo, mlendo wotsanzika kasanu. Wafika pachipata, wabwerera. Mwatseka chitseko, uyo wagogodanso."

Za kugonazo sankanama. M'gawo lachiwiri malipenga nthawi zambiri amakhala chete, ndipo Prokop ankagona maso ali chitsegulire, chala chachikulu cha kuphazi chikuwerenga chokha kugunda kwa nyimbo m'nsapato. Nthawi yolowa ikakwana, lipenga linali kale pamlomo. Sanachedwepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zinkandiwawa, chifukwa ine amene ndinkawerenga ndi mtima wonse ndinachedwapo katatu.

Tsono m'chaka cha 1788, nyengo ya zipatso za mapulamu, bwana analengeza ukwati wa mwana wake wamkazi. Bwana Lindenau anali mlenje, ndipo m'nyimbo ankangomva malipenga, zina zonse ankaziyesa phokoso loyembekezera malipenga. Bambo Ostertag ankadziwa kumene mkate wawo umachokera, choncho m'simfoni ya ukwatiwo analemba tiriyo ya malipenga awiri okha, ndipo loyamba analikweza kumwamba kwenikweni, kumene ine ndekha m'chigawo chonse ndinkafikako. Nditaona pepalalo ndinayenda nalo m'thumba masiku awiri, ndikuonetsa anthu amene sankadziwa n'komwe kuwerenga nyimbo.

Tsoka silinunkha. Kutatsala masabata atatu, Lamulungu, Apolena anaphika timikate towiritsa tokhala ndi pulamu wamphumphu m'kati, n'kuthira batala pamwamba. Ine ndinali pakati pofotokozera ana mmene ndidzaimbire pa ukwati, ndipo ndinaluma ndikulankhula. Khotcho! Ndinalavulira m'dzanja nthanga ya pulamu ndi dzino langa lakutsogolo, zitagona limodzi ngati pachibale.

Ana onse anasiya kutafuna.

"Mlamu, mwandipha!" ndinatero.

"Ine? Alamu, munthu wa imvi ngati inu simudziwa kuti pulamu ali ndi nthanga? Ana anga onsewa amadya chaka chilichonse, mano awo ali gwa. Vuto lanu mumafuna kudya ndi kudzitama nthawi imodzi."

Prokop anapukuta manja, n'kukatenga lipenga lake, n'kundipatsa. Ndinayesa mawu apansi, anatuluka, ngakhale anali ofooka. Ndinayesa kukwera. Mpweya wonse unathawira pa mpata wa dzino paja, fyuu, ngati ketulo.

"Yesanso," anatero.

Ndinayesanso kasanu. Mwana wamng'ono anayamba kuseka, mayi ake n'kumutulutsa.

Ndinene mosabisa, ndinachita mantha kwambiri, ndipo poyamba ndinkadziganizira ndekha. Kenako ndinayang'ana m'nyumba muja, timipando, tinsapato ta ana titandandalika pakhomo, ndipo ndinakumbukira kuti kanyumbako kankayendera limodzi ndi ntchito. Bambo Ostertag akanangodziwa, akanalembera ku Prague kuitanitsa malipenga awiri atsopano ukwati usanafike. Ine ndikanapita ndi kabokosi kanga, koma Prokop akanatuluka ndi anthu asanu ndi awiri kulowa m'nyengo yachisanu, pa mlandu wa dzino la munthu wina.

"Ndikawauza kuti asunge iwe," ndinatero.

"Usalankhule zopusa, Hynek. Unaonapo munthu akusunga nsapato yakumanzere yokha?" Anakhala pansi, n'kutenga kamkate kena, n'kuchotsa nthanga mosamala akundiyang'ana. "Tisinthana mapepala. Timakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo malipenga athu amaloza kukhoma. Ndani angadziwe kuti mawu apamwamba akutuluka m'mimba iti? Iwe ukhala pampando wako, utukula mutu monga mwa masiku onse, ine ndikwera."

"Iwe? Ndi milomo imeneyo?"

"Ndi yomweyi, achimwene. Ndilibe ina."

Tinasinthana mapepala, tinasinthananso tizitsulo tapamlomo touzira malipenga, ine ndinatenga kake kotakasuka, iye kanga kopapatiza. Apolena anandiumbira kadzino ka phula la njuchi kotseka mpata uja. Ku nyumba yaikulu ya bwana ndinasiya kuseka, ndinkalankhula osatsegula pakamwa kwambiri, ndipo palibe anadabwa. Wophika anangoti Skala wawonjezera matama chifukwa cha tiriyo.

M'mawa uliwonse tinkapita kunkhalango kuseri kwa dziwe. Sabata yoyamba Prokop akamakwera ankamveka ngati mwana wa ng'ombe wotsekeredwa m'khola, nkhope ili psuu, mitsempha ya m'khosi itaima. Abakha anasamuka padziwepo. Ine ndinkamukalipira kuti amange mlomo, asakankhe ndi mimba, ndipo ankangoti, "Chabwino aphunzitsi," n'kuyambanso.

Koma manyazi aakulu anali anga. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti lipenga lachiwiri ndi ntchito ya aulesi, kungoti bu, bu, bu pansi pa nyimbo ya anzako. Nditatsegula pepala lake ndinapeza kuti mawu ake amadumpha kuchoka pansi pa chitsime kufika pakati n'kugweranso pansi, ndipo dzanja limene timalowetsa kukamwa kwakukulu kwa lipenga liyenera kutseka ndi kutsegula mosapuma kuti mawu asapotoke. Ndinkaphonya kawirikawiri.

"Anakulembera ndani zamisalazi?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ndi zomwe ndimaimba chaka ndi chaka. Iwe sunamvepo?"

"Ndimakhala ndili ndi zanga."

"Eya, ndimadziwa." Sanakwiye, ndipo kusakwiyako n'kumene kunandilasa. "Ndiye tamvera. Wapansi sathamangira kutsogolo. Umadikira wapamwamba, akafulumira ufulumira naye, akatopa umukankha pang'ono kuti aoneke ngati sanatope. Lachinayi lililonse iwe umakhala utatopa."

"Bodza!"

"Ndiye kuti ndimakankha mphepo."

Pa zoyeserera za gulu lonse tinapempha bambo Ostertag kuti tiriyo tisaiimbe mwamphamvu, ine n'kunamizira kuti ndikusungira mlomo tsiku la ukwati. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali ndithu, kenako anati tipitirize ndi rondo.

Sabata yomaliza Prokop anayamba kufika pamwamba paja. Mawu ake sanali akuthwa ngati anga, anali onenepa, ofunda, ndipo ndivomere kuti anali okoma. Vuto linali limodzi. M'tiriyo chigawo chilichonse chimaimbidwa kawiri, ndiye malo okwera aja ankabwera kawiri. Prokop anayesa nthawi zambiri n'kupeza kuti mlomo wake uli ndi maulendo awiri okha. Ulendo wachitatu unkatupa, wachinayi kunkatuluka mpweya wokha.

"Awiri akwana," anatero. "Mulungu sapatsa munthu zoposa zofunika."

Tsiku la ukwati, masana alendo atadya n'kukhuta, anatiika m'chipinda chachikulu. Munali fungo la nyama ya gwape ndi ufa wa m'mawigi, tsitsi lochita kuvala lija. Bwana anakhala kutsogolo, galu wake wokalamba atagona pamapazi. Gawo loyamba linayenda bwino, alendo akucheza monga amachitira. M'gawo lachiwiri ndinayang'ana Prokop, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anali maso enieni, thukuta likutsika m'khosi. Menueti inayamba, inatha, oimba mavayolini anatsitsa mauta awo oimbira, n'kutsala ife awiri.

Prokop anakwera. Ine ndinali pansi pake, ndikudumpha ndi kugwa, phula likugwedezeka m'kamwa, koma khutu langa linali pa iye. Ulendo woyamba anafika bwinobwino. Ulendo wachiwiri ndinamva akutopa, ndipo ndinamukankha pang'ono monga anandiphunzitsira, n'kufika. M'chipinda monse macheza anali atatha, ngakhale masipuni anasiya kulira. Menueti itabwerera n'kutha, anthu anaomba m'manja osadikira rondo, ndipo bwana anaimirira akumenyetsa ndodo pansi.

"Skala! Mwana wa agalu anga! Ndi ameneyo! Bwerezani!"

Ife zitsiru ziwiri tinali titawerenga chilichonse kupatula chimenechi. Tinakonzekera kulephera, koma kuti anthu angakonde mpaka kupempha kubwereza, monga amachitira gawo likawakoma, sitinakuganizire n'komwe. Ndinaimirira n'kuwerama, pakamwa nditatseka, ulemu wonse ukugwera pa ine. Nditakhala pansi ndinaona mlomo wa Prokop utatupa ngati walumidwa ndi njuchi.

"Ungathe?" ndinanong'ona.

"Khala chete, uwerenge."

Bambo Ostertag anakweza dzanja. Ulendo wachitatu Prokop anafika, sindikudziwa anautenga kuti. Ulendo wachinayi ndinamva mpweya wake ukunjenjemera tisanafike n'komwe, ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse, koma mlomo wakufa sukankhika. Pamalo pa mawu okongola aja panatuluka chinthu chimene sindingachitchule pamaso pa mkwatibwi. Phwiii! Chinatalika, n'kupindika kumapeto. Galu wa bwana anadzuka n'kuyamba kuuwa.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mkwati anatsamwa ndi vinyo. Bwana ankaseka misozi ili mbwembwembwe, akuloza ine ndi ndodo.

"Ho, Skala! Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika! Kodi wadya nyemba? Taimirira anthu akuone!"

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu sindinaswepo mawu pamaso pa alendo. Chimenecho ndicho chuma chokha chimene ndinali nacho, ndinalibe mkazi, ndinalibe munda. Mawu anafika pakamwa penipeni akuti, bwana, si ine. Prokop anali atayamba kale kudzuka pampando, chifukwa anali munthu wosadziwa kubisala kumbuyo kwa mnzake. Ndinamuponda phazi ndi chidendene, mwamphamvu, n'kuimirira ndekha. Ndinawerama mpaka wigi inatsala pang'ono kugwa, n'kugwira pamimba ngati munthu wovomereza za nyemba zija. Anthu anasekanso koposa, ndipo mkwatibwi anandiponyera duwa. Bwana anati palibe ukwati m'chigawo chonse umene unasangalatsa chonchi, n'kulamula kuti malipenga onse awiri apatsidwe mwendo wa gwape.

Tikutuluka, Prokop ankatsimphina. Mlomo sunkamulola kulankhula bwino.

"Wandiswa chala chowerengera," anatero.

"Iwe wandiswera dzina."

"Linali lolemera kale. Ndakupepukitsira."

Tinayenda mpaka kudziwe, aliyense atanyamula mwendo wake wa gwape.

Chinatsala n'kuopa bambo Ostertag. Lachiwiri lotsatira tinalowa m'chipinda choyeserera mitima ili m'mwamba, tikuganiza kuti kalata ya ku Prague yapita kale. Tinapeza mapepala a nyimbo yatsopano ataikidwa pamalo pathu. Pa langa analemba ndi dzanja lawo kuti lipenga loyamba, koma m'kati munali mawu apansi okhaokha. Pa la Prokop analemba kuti lachiwiri, m'kati muli apamwamba, ndipo sanawakweze kwambiri. Anadutsa pafupi nafe akupukuta magalasi.

"Vrba, m'gawo lachiwiri ndakuikira zoimba. Kugona kwatha. Skala, phula limenelo uzisintha, likununkha uchi." Anapitirira osatembenuka.

Tinaimba chonchi zaka khumi ndi chimodzi. Bwana Lindenau anamwalira akukhulupirira kuti Skala ndiye lipenga lokoma koposa ku Bohemiya, kupatula akadya nyemba. Mpaka lero ana a m'mudzi akandiona amaika dzanja pakamwa n'kuliza phwii, ndipo ndimawathamangitsa ndi ndodo kuti mwambo usafe. Prokop sanapemphepo kuti choonadi chidziwike. Ankangodandaula za tulo take ta masana, nati kukhala pamwamba n'kosungulumwa, palibe mnzako woti uzimumvetsera. Lamulungu ndinkapitabe kukadya, ndipo Apolena ankandichotsera nthanga pamaso pa ana onse, mokweza, kuti ndimve kuwawa.

Prokop anamwalira m'nyengo ya masika, atakhala pampando panja, ana akuyesa kuti wagona. Kwathu woimba lipenga saikidwa m'manda popanda lipenga kulira. Oimba anzanga anati aitane mnyamata wa ku tauni kuti tiimbe awiri, ine ndinakana. Ndinaima ndekha pamanda paja n'kuimba tiriyo ya ukwati ija. Pamwamba sindikanatha kufika, ndiye ndinaimba mawu apansi okha, odumpha ndi kugwa, ndi mipata yake yonse pamene wapansi amadikira mnzake. Ndinaona anthu akuyang'anana. Wina ananong'ona kuti mkuluyu wakalamba, waiwala nyimbo.

Nditamaliza, Apolena anabwera n'kundigwira mkono.

"Asiyeni alankhule, alamu," anatero. "Nyimbo zanu zapamwambazo ine sindinazimvepo, kunyumba yaikulu sindinkalowako. Mawu apansi ngati amene mwaimbawa ndi amene ndinkamva Prokop akuimba kuseri kwa nyumba kuyambira tsiku limene anandikwatira. Ine ndinkadziwa kuti nyimbo yake ndi imeneyi."